Masamba a Lachitatu

Loweruka la ankhoswe linali litayandikira, ndipo Zulaika anali atasiya kudya bwino. Amjomba ake, mlongo wa amayi ake, a Asumani, eni galaja ndi malole pa Luchenza, anali atalola pomaliza kuti akwawo kwa Malizani abwere adzanene mawu awo. Kulolako sikunali kwa nsangala ayi. Malizani anali mnyamata wa ku Nchilamwela, mwana wa m'banja la tchalitchi. Ngakhale anali atayamba kupita kwa shehe kukaphunzira za Chisilamu, a Asumani ananeneratu kuti akangomva kanthu kamodzi konunkha za iye, ankhoswewo adzabwerera pa geti osamwa ndi madzi omwe.

Lachitatu masana Zulaika anali m'kachipinda kake kuseri kwa galajayo, atazunguliridwa ndi timabotolo. Ankachita digiri yachiwiri ya masamu ku Zomba, koma masamu ake anali a masamba a tiyi. M'tsamba lililonse muli maselo osaoneka ndi maso, ndipo selo lililonse lakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamasankha zoti zilowe ndi zoti zituluke. Tsamba likamafota kufakitale, kachikopako kamayamba kulekerera, za m'kati zimayamba kukha, ndipo kukoma kwa tiyi kumayambira pamenepo. Zulaika ankafuna kulemba masamu olosera mmene kukhako kumayendera. Popima, ankadula masamba tizidutswa, n'kutiponya m'madzi a batire amene alibe mchere ngakhale pang'ono, kenako n'kuviikamo kamita kowerenga mchere wotuluka m'maselo.

Mtsikana wamkulu, wa digiri, kutha tsiku lonse akuviika masamba m'madzi ngati mwana wa masanje. Amakanika a pa galaja ankangoyang'anana.

Pa kompyuta yake panali mzere wopindika umene masamuwo ankalosera: mchere uyambe pansi, ukwere pang'onopang'ono, kenako ukhazikike. Madontho a zomwe anapima ankagona pa mzerewo bwinobwino. Koma masamba obwera Lachitatu anali ndi mwano. Madontho awo ankayambira pamwamba, ndipo aphunzitsi ake anali atamuuza kuti akapanda kupeza chifukwa, ndiye kuti masamu onsewo ali ndi bowo.

"Odi, adokotala a masamba."

Anali Malizani, ataima pakhomo ndi kabokosi ka ayisi m'manja, nsapato zili psuu ndi dothi la m'minda ya tiyi. Anali supavaiza ku shedi yofotetsera masamba pa esiteti ina kumtunda, ndipo abwana ake anamulola kumatengako masamba pang'ono kukapatsa mtsikana wa sukuluyo. Ndi mmene awiriwa anadziwanirana. Lamulo la a Asumani linali loti chitseko chizikhala chotsegula ndipo mnyamatayo asadutse pakhomo.

"Wachedwa," anatero Zulaika, akubisa kumwetulira.

"Ukudziwa kuti Lachitatu ndimadzera kwa amayi kukadya. Akupatsa moni."

"Amayi ako andipatsa moni ine? Si aja anati mwana wawo sadzavala mzuli iwo ali moyo?"

"Anthu amasintha. Masiku ano amafunsa za iwe. Amati, kodi masamba aja akumawalandira bwino?"

Zulaika anamva kutentha kokoma pachifuwa. Anali asanawaonepo mayiwo, ndipo ankawaopa kuposa mayeso.

"Loweruka abwera ndani?"

"Atsibweni anga awiri."

"Uwauze asadzayambe kudzitama ndi nkhumba zawo zija pamaso pa amjomba."

"Ndawauza kale. Nkhumbazo ndi mbuzi mpaka Lolemba."

Zulaika anaseka, kuseka kwa munthu wa mantha kumene kumatha msanga. Analandira bokosilo n'kutsegula. Anali ndi chizolowezi chotafuna kansonga ka tiyi akamagwira ntchito, ndipo anatola kamodzi n'kupita nako kukamwa. Malizani anadutsa pakhomo ndi phazi limodzi n'kumugwira pamkono.

"Usatafune amenewo."

"Bwanji? Dzulo ndinatafuna iwe ukuona."

"Ali ndi fumbi. Msewu wa lero ndi woipa."

"Fumbi m'bokosi lotseka? Masamba onyowa chonchi?"

"Ingomvera, Zulaika."

Anamusiya msanga n'kubwerera panja. Koma anali atachedwa. Pansi pa lole yoimikidwa pafupi ndi mpanda panatuluka mutu wa Rajab, dalaivala wamkulu wa a Asumani, mwamuna amene anafunsira Zulaika kawiri n'kukanidwa kawiri. Anapukuta manja ndi kansanza pang'onopang'ono, maso ali pa phazi lija.

*

M'mawa mwake Zulaika atabwera ku msika anapeza chitseko cha kachipindako chili pululu. M'kati munali amayi ake, a Rukiya, ataima pakati, manja atawabisa m'chitenje ngati akuopa kukhudza kanthu.

"Zulaika, izi n'chiyani?"

"Ndi sukulu, amayi. Mwaziona kangati zimenezi?"

"Ndinkaziona ndi maso ogona. Ine sindinapite patali, koma sukulu ndimaidziwa ndi mabuku. Iyi ndi sukulu yanji ya mabotolo ndi masamba oviika?"

"Ndimapima mchere wotuluka m'maselo."

"Nanga izo?" A Rukiya analoza ndi mlomo pa bolodi la pakhoma, pamene Zulaika analembapo manambala m'mizere, atatu atatu, m'timabokosi. "Zoterezi ndinazionapo. Agogo ako atadwala mutu waukulu anawalembera manambala m'timabokosi chonchi, n'kuwasokera m'chithumwa."

Zulaika anafuna kuseka. Atayang'ana nkhope ya amayi ake, kusekako kunamuthera. Misozi inali italengeza kale m'maso mwawo.

"Rajab wandiuza zonse," anatero a Rukiya. "Mwamuna amabwera ndi masamba tsiku ndi tsiku. Mkazi amawaviika m'madzi, ena amatafuna. Mkaziyo sakudya, akuwonda, amayankhula yekha ndi kompyuta, ndipo anakana mwana wa Chisilamu wodziwika kwawo n'kutsata munthu wa tchalitchi wa njinga yamoto. Kwathu kuno zimenezo timati chiyani? Undiuze iweyo wophunzirawe."

"Amayi, palibe amene wandidyetsa kanthu. Ndimamukonda ndekha, ndi mutu wanga."

"Wodyetsedwa aliyense amatero."

Pamenepa ndiye povuta. Mawu amenewo alibe yankho, chifukwa ukakana mwamphamvu, mphamvuyo imasanduka umboni. Zulaika anakhala pampando.

"Mwawauza amjomba?"

"Ndikanawabisira bwanji? Chimwalirire bambo ako ndi iwo akutisunga. Akuti mawa akachoka ku mapemphero a Juma ku mzikiti, mnyamatayo abwere pano ndi masamba ake, iwe ubwere ndi mabotolo ako. Akaona chokayikitsa, za Loweruka zatha."

A Rukiya anatuluka chammbali, akusamala kuti chitenje chisakhudze tebulo.

Zulaika anamupeza Rajab akuthira madzi mu lole. Anali mwamuna wooneka bwino, tisamunamizire, wa ndevu zometa mosamala ndi wotchi yaikulu kuposa mkono wake. Vuto lake linali loti sankakhulupirira kuti mkazi wa mutu wabwino angamukane.

"Achimwene, mwapindula chiyani?"

"Ine? Palibe. Wakutsina khutu ndi mnansi, achemwali."

"Mukudziwa bwino kuti ndi sukulu."

"Ndikudziwa zimene ndinaona. Dzulo anakugwirani dzanja ngati mwini wake. Anthu a kumtunda uko timawadziwa, ndi mizu sasewera."

"Ndiye mukuganiza kuti iye akachoka ndibwera kwa inu?"

Rajab anatseka chivindikiro n'kumwetulira.

"Mankhwala akatha m'thupi munthu amaona bwino. Ine sindithamanga."

*

Masana onse foni ya Zulaika inali m'manja. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Amjomba akukufuna mawa akachoka ku mzikiti. Ubwere ndi masamba. Rajab wawauza kuti ukundidyetsa mankhwala."

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere. Zulaika anatsuka mabotolo oyerayera, anasesa posesa kale, anayang'ananso foni. Munthu amene nthawi zonse ankayankha uthenga usanazizire lero anali zii.

"Malizani, ulipo?"

"Ndilipo. Tinali ndi masamba ambiri ku shedi."

"Sunaseke. Ndimayesa useka."

"Ndi nkhani yoseketsa?"

"Ndi yopusa. Ndikawaonetsa ndi kamita, aona okha kuti ndi tiyi ndi madzi basi."



"Kamitako kamaona chilichonse?"

"Kamaona mchere. Ukufunsiranji?"

"Ndingofuna kudziwa. Ndibwera ndi masamba a mawa m'mawa, ndidzathyola ndekha. Ndidzabwera molunjika."

"Usaope. Ndili nawe."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuopa."

Zulaika anawerenga mawu omalizawo kangapo. Anadziuza kuti ndi mmene amayankhulira amuna a chikondi akapanikizika. Mtima wake sunavomere, koma anaukhazika pansi ngati mwana wovuta pa maliro.

*

Lachisanu kunacha ndi nkhungu, koma pofika masana dzuwa linali litawala. A Asumani anabwera ku mzikiti atavala mkanjo woyera ndi mzuli, n'kukhala pampando wawo wa pakhonde. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, amene amakanika ake ankati amamva nthenda ya injini galimoto isanalowe pa geti. A Rukiya anakhala pamkeka chapatali. Rajab anali atapita ku Limbe ndi lole m'mawa. Malizani anapatsidwa benchi, ndipo anakhalira m'mphepete mwake, kabokosi kali pakati pa mapazi.

Zulaika anayala mabotolo ake patebulo.

"Ine ndimadziwa injini," anayamba a Asumani. "Injini ikadwala imanena ndi utsi. Chinthu chakochi chimanena ndi chiyani?"

"Ndi manambala, amjomba."

"Tione."

Anathira madzi a batire m'botolo n'kuviika kamita. Nambala inali pansi, pafupi ndi ziro. A Asumani anagwedeza mutu, chifukwa madziwo anali a m'galaja mwawo ndipo ankawadziwa. Kenako Zulaika anatenga tsamba m'bokosi la Malizani, analidula, n'kuponya tizidutswato m'madzimo. Masamba sankawatsuka, poti nakonso kufakitale sawatsuka.

"Sikukusuntha," anatero a Asumani.

"Dikirani. Mchere uli m'kati mwa maselo, ndipo selo lililonse lili ndi kachikopa. Kuti utuluke, uyenera kudutsa pamenepo. Zili ngati paipi ya radiyeta ikayamba kutha. Madzi satuluka onse nthawi imodzi, amayamba ndi kudontha."

"Aha. Kudontha."

"Ndiye masamu anga amanena kuti idontha mwachangu bwanji. Onani pa kompyutapa. Ikamakwana mphindi imene ndaikayi, nambala ikhala apa."

Anadikira. Nkhuku inadutsa pabwalo. Ku siteji makondakitala ankaitanira anthu a ku Mulanje. Nambala inayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi itakwana inaima pamene Zulaika analoza. A Asumani anachotsa magalasi, anawapukuta ndi mkanjo, n'kuyang'ananso.

"Unadziwa bwanji?"

"Ndi masamuwo, amjomba. Manambala a pa bolodi aja ndi amenewa."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhani ya Malizani, nkhope ya a Asumani inafewa. Koma sanali munthu wogula galimoto asanayang'ane pansi pake.

"Chabwino. Nanga munthu atathiramo kanthu? Muzu wootcha, phulusa, madzi a zitsamba, zimene amachita anthu aja. Chinthuchi chingadziwe?"

"Sichingadziwe dzina lake. Koma chingadziwe kuti sichinachokere m'tsamba."

"Bwanji?"

"Chochokera m'kati mwa selo chimachedwa, chifukwa chili ndi kachikopa koti chidutse. Chimene chinali kale kunja kwa tsamba sichidikira kanthu. Mukangoponya m'madzi, nambala imadumpha pomwepo."

"Achemwali," anatero a Asumani kwa a Rukiya, "tapaniko phulusa pa mbaula."

A Rukiya anabwera nalo pa kasupuni. A Asumani anatenga okha tsamba lina, analipaka phulusa pang'ono, analipukuta ndi chala mpaka silinkaonekanso, n'kupereka kwa Zulaika. Iye analidula n'kuliponya m'botolo latsopano. Kamita kasanakhazikike n'komwe, nambala inadumpha n'kukakhala pamwamba.

A Asumani anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka mzuli unapendama.

"Chagwira wakuba. Achemwali, mwaona? Loyamba lija linayenda ngati nkhalamba, ili ladumpha. Ndiye kuti la mnyamatayu ndi loyera."

Zulaika sanaseke nawo. Anali kuyang'ana nambalayo. Kudumpha kumeneko ankakudziwa. Anali atakuona Lachitatu lililonse, sabata ndi sabata, anali atakusowera tulo, anali atasintha masamu abwinobwino pofuna kukufotokoza. Anaganizapo za munda wina, tchire lakale, kutentha kwa shedi. Nthawi yonseyo ankafufuza m'kati mwa selo. Sanaganizepo zoyang'ana kunja kwa tsamba, ndipo yankho lake anali atangolinena yekha ndi pakamwa pake.

Anatembenuka kuyang'ana Malizani. Mnyamata amene anali atangoyeretsedwa pamaso pa amjomba anali atazolika, akuyang'ana nsapato zake.

"Pukutani misozi, achemwali," anatero a Asumani. "Mwanayu sanadye kanthu, wadya sukulu. Iwe mnyamata, dzutsa mutu. Atsibweni ako abwere mawa, tidzawalandira. Zulaika, muperekeze mpaka pa geti, osapitirira."

*

Njinga ya Malizani inali panja pa mpanda, pansi pa mtengo wa mango. Zulaika anaima pa geti pafupi nayo. Atafika, Malizani anayamba kumangirira kabokosi kumbuyo, ndipo chingwe chinkamupulumuka.

"Zayenda bwino," anatero, osamuyang'ana.

"Lachitatu ukamadya kwa amayi ako, bokosili limakhala kuti?"

Chingwe chinagwa pansi.

"Pakhonde."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zina amalilowetsa m'nyumba. Amati dzuwa."

"N'chifukwa chiyani unandigwira dzanja dzana lija?"

Malizani anatola chingwe, anachikulunga pa chala, anachimasulanso. Wakabaza wina anadutsa akuliza belu, n'kuwayang'ana onse awiri ndi chidwi cha anthu a pa Luchenza, amene nkhani ya eni ake imawakomera kuposa yawo.

"Mwezi wathawu ndinatuluka kukasamba m'manja," anatero Malizani motsitsa mawu. "Ndinawapeza atagwada kuchipinda, bokosi lili chotsegula. Anali ndi kakapu ka madzi akuda ndi kanthambi, akuwaza."

"Unatani?"

"Ndinawafunsa. Anati akuwaziziritsa kuti asafote. Ndinawauza kuti masambawo sumamwa, umangopima. Anangoti eya mwanawe. Ndinayesa asiya."

"Koma ankabwerabe onyowa."

"Ankabwerabe onyowa."

"Ndiye iwe n'kumanyamulabe, n'kumandipatsa ndi manja awiri, n'kumandiuza kuti akundipatsa moni."

"Ndikanatani, Zulaika? Ndikasiya kudzera kumeneko anena kuti Asilamu andilanda kale. Ndikasiya bokosi ku ntchito masamba aonongeka. Ndikawakalipira ndiye kuti ndatukwana mayi anga chifukwa cha mkazi. Mako ndi mako, angachepe mwendo."

"Ukanandiuza."

"Ukanandiyang'ana mmene ukundiyang'anira panomu."

Zulaika anamva mkwiyo ukukwera mpaka m'makutu. Anakumbukira masiku amene analira pa kompyuta, akudziona mbuli, Malizani ali pakhomo pomwepo akumulimbikitsa kuti apeza yankho. Anakumbukira mmene anayankhira amayi ake dzulo, ndi mmene amjomba anasekera. Anali ataimirira pamaso pa abale ake n'kuyeretsa munthu ndi masamu ake, ndipo masamu omwewo ankadziwa kuti Rajab, ndi njiru yake yonse, sananame kwenikweni.

"Usanawagwire amayi ako, ma Lachitatu onse aja, ndinkatafuna," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ine zimenezi sindizikhulupirira. Phulusa ndi phulusa."

"Inenso ndimadziuza choncho."

"Koma undiuze chinthu chimodzi. Mankhwalawo ndi oti ndikukonde, kapena oti ndikusiye?"

Malizani anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira.

"Sindinafunse."

"Bwanji?"

"Akati oti undisiye, ndiye kuti mayi anga ndi mdani wako. Akati oti undikonde, ndidzakhala moyo wanga wonse ndikudzifunsa ngati unandikonda wekha. Ndinaona bwino kusadziwa."

Zulaika anafuna kumumenya ndi kabokosiko. Anafunanso kumugwira kumaso n'kumuuza kuti anamukonda tsiku loyamba lija, pamene anabwera ndi masamba olakwika n'kupepesa katatu, amayi ake asanamve n'komwe dzina loti Zulaika. Ankamukonda, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri. Sanachite chilichonse mwa ziwirizo, poti geti linali lotsegula.

"Amjomba akadziwa, zatha," anatero. "Sadzafunsa kuti anathira ndani. Adzangoti banja la mizu."

"Uwauza?"

Zulaika anayang'ana ku nyumba. Sanawanamizepo amjomba ake chibadwire. Ndi iwo anakana kuti akwatiwe atangomaliza Fomu 4, pamene abale onse ankati mtsikana waphunzira mokwana.

"Atsibweni ako abwere mawa," anatero pomaliza. "Za amayi ako tidzakambirana ine ndi iwe, ndipo sudzazikonda. Koma kuyambira lero bokosi ili lisadzaonenso khonde lawo."

"Ndalumbira."

"Usalumbire, ingochita. Pita."

Malizani analiza njinga. Asananyamuke anatembenuka.

"A dzana aja unawamaliza onse?"

Zulaika anaima chilili. Sanawamalize. Nthawi zonse ankasunga otsala m'kapepala ka pulasitiki, atalembapo tsiku, m'firiji ya amayi ake, pansi pa mabotolo a sobo. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda mwachangu, akudziletsa kuthamanga. Anangoganiza za chimbudzi cha kuseri, kuti akawataye mmenemo munthu asanawaganizire.

*

Lole ya ku Limbe inali italowera geti la kumbuyo. Inaima pafupi ndi nyumba, injini ikadali yotentha. Pakhonde, Rajab anali atatsamira mzati, manja m'thumba, akumvetsera a Asumani amene ankafotokoza ndi manja onse awiri ngati kamitako anakapanga okha.

"Wabwera mwini wake," anatero a Asumani atamuona. "Zulaika, m'bale wakoyu ndi wosakhulupirira. Ndamuuza kuti tapima, zatuluka zoyera. Mvera zimene akunena."

Rajab anawerama pang'ono mwaulemu.

"Ine sindikutsutsa, bwana. Ndangoti munthu akadziwa kuti apimidwa, amasamba. Masamba a lero wabwera nawo akudziwa. Bwenzi titayesa akale, amene anabwera nawo asanamve kanthu."

"Ndipo sakunama," anatero a Asumani mosangalala. "Galimoto sugula tsiku limene mwini wake waitsuka. Ndiye ndati tithetseretu nkhaniyi lero, mawa pasadzakhale wina wonong'ona kuseri."

"Amjomba, akale amakhala atafota kwambiri. Sapimika bwino."

"Iwe wati chofota chimadontha, chothiridwa chimadumpha. Si choncho? Ine ndamva bwino, usandiyese wokalamba."

A Rukiya anatuluka m'nyumba. Nkhope yawo inali yowala koyamba sabata yonseyo, ndipo m'manja anali ndi kapepala ka pulasitiki kochita thukuta la m'firiji. Pamwamba pake panali zilembo za Zulaika yemwe.

"Ndapeza awa, mwanangu," anatero mokoma mtima. "Ndikhululukire za dzulo zija. Muonetse Rajab, mtima wake ukhale pansi ngati wangawu."

A Asumani sanadikire. Anali ataonera mokwanira. Anathira madzi a batire m'botolo loyera, anatulutsa tsamba limodzi lonyowa, analidula ndi kampeni kawo ka m'thumba, n'kuponya tizidutswato m'madzi. Kenako ananyamula kamita mosamala, n'kukaimika pamwamba pa botolo.

"Maso angawa manambala aang'ono amandivuta," anatero, akumwetulira mwana wa mlongo wawo amene anamuphunzitsa ndi ndalama za malole. "Bwera pafupi, Zulaika. Iwe sunandinamizepo. Utiwerengere mokweza."

Ndipo anaviika kamita m'madzimo.